Natsume ndi Mafunso Awiri a Mlendo pa Mwambo wa Tiyi ku Japan

Pa mwambo wa tiyi wa ku Japan, umene eni ake amautcha chanoyu kapena chadō, pamafika nthawi imene tiyi wamwedwa kale, mbale yatsukidwa, koma alendo akadali chikhalire pa mphasa zawo za tatami. Apa mlendo wamkulu amawerama n'kupempha kuti aone ziwiya ziwiri: kasupuni ka nsungwi kotapira tiyi, ndi kachiwiya kamene munali tiyiyo. Nthawi imeneyi amaitcha haiken, kutanthauza kuyang'ana mwaulemu. Alendo akatha kupatsirana kachiwiyako, mlendo wamkulu amafunsa mwininyumba mafunso awiri okhazikika. Loyamba ndi lakuti, "Okatachi wa?" ndiye kuti, kaumbidwe kake n'kotani? Lachiwiri ndi lakuti, "Onuri wa?" ndiye kuti, kupaka kwake n'kwa yani?

Kachiwiya kofunsidwaka dzina lake ndi natsume. N'kakang'ono kokwana m'dzanja limodzi, kosemedwa kuchokera ku mtengo ndi kupakidwa utomoni wonyezimira wotchedwa urushi. M'nkhani ino ndikufuna kufotokoza chiwiyachi potsata mafunso awiri aja, chifukwa ndikuona kuti mbiri yake yonse inabisala m'menemo. Ndionetsanso kuti funso lachiwirilo, lofuna dzina la mmisiri, likunka livuta kuyankha masiku ano.

Dzina lake

Monga wophunzira za ziyankhulo, ndiyamba ndi dzina. Mawu akuti natsume poyamba ndi dzina la chipatso. Mtengo wake akatswiri a zomera amautcha Ziziphus jujuba, ndipo ndi wa mtundu umodzi ndi masawu athu a kuchigwa cha Shire, amene iwo amawatcha Ziziphus mauritiana. Amene anadyapo masawu akudziwa kale kaonekedwe ka natsume: pamwamba pobulungira, mapewa otambasuka pang'ono, kenako thupi lochepa polowera kunsi. Ajapani anaona chiwiya chawo chikufanana ndi chipatsocho, basi dzina linakhala lomwelo. Ofufuza magwero a mawu amati dzina la chipatsocho linachokera ku natsu, nyengo yotentha, ndi me, mphukira, pakuti mtengowo umachedwa kuphukira mpaka kutayamba kutentha. Dzina la mlembi wotchuka Natsume Sōseki limamveka chimodzimodzi, koma limalembedwa ndi zilembo zina, choncho owerenga mabuku ake asasokonezeke.

Angerezi chiwiya chosungira tiyi amachitcha caddy, mawu amene anabwereka ku Chimalaya, kumene kati ndi muyeso wolemera pafupifupi magalamu 600. Kusiyana kwake n'kochititsa chidwi. Dzina la Chingerezi likufunsa kuti mukulowa tiyi wochuluka bwanji, pamene la Chijapani likufunsa kuti chikuoneka ngati chiyani. Dzina lina linabadwira pa sikelo ya wamalonda, linalo linabadwira m'maso mwa woyang'ana.

M'Chichewa ndinasankha kusiya dzinali momwe lilili. Chitini ndi chachitsulo, bokosi lili ndi ngodya, nsupa ndi chomera chochita kuumitsa, ndipo palibe mwa zitatuzi chomwe chikufika. Mwayi wake mawuwa satipweteka lilime, popeza maphatikizo ambiri a Chijapani amathera pa lembo la liwu monga athu, ndipo tsu timamutchula tsiku ndi tsiku m'mawu ngati tsuka. Khutu la Mchewa limawaika lokha m'gulu la Mu-A, limodzi ndi nadzikambe ndi nankafumbwe, motero ndidzalemba kuti natsume wakuda, anatsume awiri. Mnzake wa natsume amene ndimutchule posachedwapa, chaire, amagwera m'gulu la Chi-Zi, koma sindidzamuchulukitsa, kuopa kulemba dzina lakale la dziko la Congo.

Tiyi wamitundu iwiri, ziwiya ziwiri

Tiyi wa pa mwambowu si wa masamba ofiira oviika m'madzi monga wa ku Thyolo ndi Mulanje, ngakhale chomera chake n'chimodzi. Ndi ufa wobiriwira wotchedwa matcha. Alimi amaphimba mitengo ya tiyi kwa milungu ingapo asanathyole masamba, n'kuwafutsa pa nthunzi, kuwaumitsa, kenako kuwapera pa mphero yamwala. Kamwedwe kotere anafalitsa ku Japan ndi mmonke wa Chibuda dzina lake Eisai, amene anabwerako ku China m'chaka cha 1191.

Ufawu amaukonza mwanjira ziwiri. Pali koicha, tiyi wolimba ngati phala, amene alendo onse amamwera mbale imodzi mopatsirana, ndipo ndiye mtima wa msonkhano wonse. Palinso usucha, tiyi wamadzimadzi wa thovu, amene mlendo aliyense amalandira yekha, ndipo apa anthu amamasuka n'kumacheza. Ufa wa koicha amauika mu chaire, kamtsuko kadothi kokhala ndi chivundikiro cha mnyanga wa njovu, kovekedwa kathumba ka silika. Ufa wa usucha ndiwo umalowa mwa natsume. Mwa ulemu wake, chaire ndiye wamkulu, natsume ndi mng'ono wake.

Ukulu wa chaire sunali wa masewera. M'zaka za m'ma 1500 timitsuko tochokera ku China tinkapatsidwa maina ngati anthu, ndipo atsogoleri a nkhondo ankatilimbirana monga momwe ankalimbiranira madera. Kamodzi kotchuka ndi Tsukumo Nasu, kamene dzina lake lachiwirilo likutanthauza biringano, chipatsonso. Matsunaga Hisahide anakapereka kwa Oda Nobunaga m'chaka cha 1568 posonyeza kugonja. M'chaka cha 1615, linga la Osaka litapsa pa nkhondo, Tokugawa Ieyasu anatuma amisiri awiri a urushi, Fujishige Tōgen ndi mwana wake, kukafufuza m'phulusa. Iwo anatola zidutswa za kamtsukoko n'kuzilumikiza ndi utomoni mwaluso kwambiri, moti m'maso kamaoneka ngati sikanasweke. Lero kali kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya Seikadō ku Tokyo. Nkhaniyi imandisangalatsa chifukwa wamkulu uja anapulumutsidwa ndi luso la kwawo kwa mng'ono.

Chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa wobwera kumene n'chakuti natsume si nkhokwe. Tiyi sagonamo. Mwininyumba amasefa ufa msonkhano utatsala pang'ono kuyamba, n'kuuwunjika mkatimo ngati kaphiri. Potapa amayambira mbali imodzi mosamala kuti phirilo lisagumuke lonse, ndipo pa haiken alendo akavundukula amaona mmene watapira. Choncho ngakhale ufa wotsalira umachitira umboni za dzanja la munthu. Msonkhano ukatha ufa umachotsedwa, chiwiya amachipukuta osachiviika m'madzi, n'kuchibwezera m'bokosi lake.

Asanatape, mwininyumba amayamba wapukuta chivundikiro pamaso pa alendo ndi kansalu ka silika kotchedwa fukusa. Chiwiyacho chimakhala choyera kale, ndiye kupukutaku si kuchotsa fumbi ayi, ndi kuyeretsa kwa mwambo. M'sukulu ya Urasenke amaphunzitsa kuti dzanja liyende ngati likulemba chilembo cha hiragana chotchulidwa ko, chimene chili ndi timizere tiwiri, kena pamwamba kena pansi. Wophunzira amene sanadziwe kuwerenga Chijapani amayamba kulemba chilembo chake choyamba pa chivundikiro cha natsume, popanda inki.

Funso loyamba: kaumbidwe

Mlendo akafunsa kuti "Okatachi wa?", yankho lomveka kawirikawiri ndi lakuti ndi natsume wapakati wa kaumbidwe ka Rikyū. Anatsume amagawidwa patatu: wamkulu, wapakati ndi wamng'ono. Wapakatiyo msinkhu ndi kutambasuka kwake zimatsala pang'ono kukwana masentimita 7. Palinso wophwatalala wotchedwa hira-natsume, ndi achibale ena amene sali ngati chipatso, monga nakatsugi, amene ali ngati kang'oma ndipo chivundikiro chake chimakumana ndi thupi pakati penipeni.

Dzina la Rikyū likufunika kulifotokoza. Sen no Rikyū anabadwa m'chaka cha 1522 m'banja la amalonda mumzinda wa Sakai, ndipo anakhala mkulu wa za tiyi kwa Nobunaga, kenako kwa Toyotomi Hideyoshi. Iye anapitiriza njira ya Murata Jukō ndi Takeno Jōō, yotchedwa wabi, yokonda zinthu zosadzionetsera: kanyumba kakang'ono ka makoma adothi, khomo lolowa chokwawa, mbale yakuda youmba pamanja. Natsume wake anali wakuda bii, wopanda chojambula chilichonse. Tikumbukire kuti bwana wake Hideyoshi anali ndi chipinda cha tiyi chokutidwa ndi golide, chimene anakachionetsa kunyumba ya mfumu ku Kyoto m'chaka cha 1586. Pa nthawi ngati imeneyo, kuika patsogolo kachiwiya kamtengo kakuda, kopangidwa komweko ku Japan, kunali kunena mawu popanda kutsegula pakamwa. Rikyū anamwalira m'chaka cha 1591, Hideyoshi atalamula kuti adziphe, koma miyeso ya ziwiya zake inasungidwa ndi ana a mdzukulu wake, amene anayambitsa nyumba zitatu za tiyi zomwe zilipo mpaka lero: Omotesenke, Urasenke ndi Mushakōjisenke. Natsume wakudayu anakwezedwa moti nthawi zina amaloledwa kunyamula ufa wa koicha, bola akulungidwe mu fukusa kapena m'kathumba.

Si onse amene ali akuda chabe. Ambiri amakongoletsedwa ndi luso la maki-e, kutanthauza chithunzi chowaza. Mmisiri amajambula ndi utomoni wauwisi, n'kuwazapo ufa wa golide kapena siliva usanaume. Mtundu wodziwika ndi wa Kōdaiji, dzina la kachisi wa ku Kyoto amene mkazi wamasiye wa Hideyoshi anakhazikitsa m'chaka cha 1606, ndipo zojambula zake ndi maluwa ndi udzu wa nyengo ya kugwa masamba, ndi zizindikiro za mabanja aakulu. Mwininyumba amasankha natsume molingana ndi nyengo. Kutulutsa wa maluwa a sakura m'mwezi wa masamba ofiira kuli ngati kuimba nyimbo ya pamtondo pa maliro.

Ine ndimakonda wakuda uja, ndipo chifukwa chake ndinachipeza mwa mlembi Tanizaki Jun'ichirō. M'nkhani yake ya m'chaka cha 1933 yotchedwa In'ei Raisan, yotamanda mthunzi, iye ananena kuti ziwiya za urushi zinapangidwira zipinda za mdima pang'ono, kumene kuwala kwa kandulo kumazama m'kuda kwake, ndipo magetsi owala kwambiri amazichotsera ulemerero. Chipinda cha tiyi n'chamdima chotero. Wa golide amakuuza msanga kuti uyang'ane pati. Wakudayo sakuuza kanthu, ndiye maso amayamba kuona zimene akanazidumpha: kupindika kwa phewa, kamzere kamene chivundikiro chakumana ndi thupi, ndi kubiriwira kwa ufa akavundukula.

Pali kanthu kena ka galamala m'mafunsowa. Mlendo sanena katachi kapena nuri chabe, amawonjezera o- kumayambiriro, mphatikiram'mbuyo wa ulemu. Mwininyumba poyankha za chiwiya chake samuika o- ameneyu, chifukwa munthu sakweza zake. Ife a- wa ulemu timamupereka kwa anthu, monga amayi, agogo, aphunzitsi. Chijapani chimamufikitsa pa katundu wa munthuyo, kotero kuti polemekeza chiwiya walemekeza mwini wake. Thupi nalo limatsata galamala yomweyo: mlendo amatsamiritsa zigongono pa maondo n'kugwira natsume chapansi pafupi ndi mphasa, kuti ngakhale atapulumuka m'manja asagwe patali.

Funso lachiwiri: wopaka

Apa mpamene pali nkhani yaikulu. Urushi ndi utomoni wa mtengo wa Toxicodendron vernicifluum, wa banja limodzi ndi mango. Ajapani anayamba kuugwiritsa ntchito kale kwambiri: pamalo ofukula zakale a Kakinoshima ku Hokkaido panapezeka zinthu zopakidwa urushi za zaka pafupifupi 9,000. Luso lawo linatchuka ku Ulaya moti m'zaka za m'ma 1600 Angerezi anayamba kutcha ziwiya zopakidwa chotere japan, monga momwe ankatchera mbale zadothi loyera china.

Mtengo wa urushi umafuna zaka 10 mpaka 15 kuti uyambe kutemedwa. Mmisiri wotema amadula timizere pa khungwa masiku angapo alionse kuyambira mwezi wa June mpaka chakumapeto kwa chaka, n'kumakanda timadontho ndi kachitsulo. Pa nyengo yonseyo mtengo umodzi umapereka utomoni wokwana magalamu pafupifupi 200, kapu imodzi chabe, kenako amaugwetsa kuti chitsa chiphukire. Utomoni wauwisi umayabwa ndi kutulutsa ziwengo, osati kwa kanthawi ngati chitedze koma kwa masiku, ndipo wophunzira ntchitoyi amayamba wazunzika nawo. Chodabwitsa china n'chakuti suuma padzuwa kapena pamphepo. Umalimba m'malo a chinyontho chambiri ndi ofunda, motero amisiri amaika ziwiya m'kabati ya matabwa yonyowetsedwa mkati. Ukalimba, suopanso madzi otentha, mchere kapena asidi.

Natsume mmodzi amadutsa m'manja mwa amisiri angapo. Woyamba ndi wosema, amene amatenga mtengo woumitsidwa bwino n'kuusema pa makina ozungulira mpaka utapyapyala. Ntchito yake yovuta ndi pokumanira chivundikiro ndi thupi, chifukwa mwininyumba amavundukula ndi dzanja limodzi atagwiriziranso kasupuni, ndiye chisathine ndiponso chisagwedere. Wachiwiri amaika maziko, kusakaniza utomoni ndi ufa wa dothi kuti mtengo ulimbe. Akapaka amadikira kuti ziume, n'kupala, n'kupakanso, kangapo konse, ndipo zigawo zapamwamba amazisalaza ndi makala. Kuda kwake kumabwera utomoni ukasakanizidwa ndi chitsulo. Burashi yopakira imapangidwa ndi tsitsi la munthu. Pa chigawo chomaliza mdani wamkulu ndi fumbi, pakuti kachitsotso kamodzi kokha kakagwerapo kamaonekera pa nkhope yakudayo. Ngati pakufunika maki-e, chiwiya chimapita kwa mmisiri winanso. Ntchito yonse imatha miyezi. M'chigawo cha Ishikawa muli mwambi wogawa maluso atatuwa m'madera atatu: kusema n'kwa a ku Yamanaka, kupaka n'kwa a ku Wajima, kujambula ndi golide n'kwa a ku Kanazawa.

Tsono mlendo akafunsa kuti "Onuri wa?", akufuna dzina. Yankho lolemekezeka kwambiri ndi lakuti Sōtetsu. Nakamura Sōtetsu ndi banja la ku Kyoto limene lakhala likupakira nyumba zitatu za Sen kuyambira m'zaka za m'ma 1600, limodzi mwa mabanja 10 a amisiri otumikira nyumbazo. Dzinali limalowedwa monga momwe kwathu amalowera dzina la ufumu, kotero kuti kunena Sōtetsu sikokwanira, pamafunika kudziwa kuti wachingati. Sōtetsu wa 12 anali mayi, ndipo atamwalira, mwana wake wamkazi analowa dzinalo m'chaka cha 2006 kukhala wa 13. Pa anatsume ena, mkulu wa nyumba ya tiyi amalemba chidindo chake ndi utomoni wofiira kunsi kwa chivundikiro, n'kulembanso pa bokosi losungiramo. Chiwiya chotere chimayenda ndi maina ake ngati munthu woyenda ndi mfunda wake.

N'chifukwa chake ndikuti funsoli si mawu a mwambo chabe. Likuganizira kuti kuseri kwa chinthu chilichonse kuli munthu, ndipo munthuyo ayenera kutchulidwa m'chipinda chimene iye sadzalowamo. Komabe ndiyenera kunena kuti chilungamo chake n'chatheka. Wotchulidwa ndi wopaka kapena wojambula. Wosema satchulidwa kawirikawiri, ndipo wotema mtengo kuthengo, amene anayabwidwa miyezi isanu kuti kapu ija idzaze, palibe funso lake.

Pamene funso lisowa yankho

Ophunzira ambiri a tiyi masiku ano amayambira pa natsume wa pulasitiki kapena wa ufa wa matabwa woumbidwa pa makina, wopoperedwa penti ya kufakitale. Sindikuona cholakwa pamenepa, popeza wophunzira amagwetsa ziwiya, ndipo mtengo wa chenicheni ungathamangitse achinyamata. Koma pophunzira haiken, wophunzirayo amafunsidwabe kuti "Onuri wa?", ndipo amayankha ndi dzina la mmisiri limene waloweza, onse m'chipindamo akudziwa kuti n'zoyeserera. Kwa wophunzira chiyankhulo ichi ndi chitsanzo chabwino cha mawu amene apitirira kukhala ndi moyo pamene chinthu chimene ankaloza chayamba kusowa. Pa phunziro zilibe kanthu. Vuto lingadze ngati mbadwo wina utakula osagwirapo chenicheni, n'kumayesa kuti dzinalo ndi mbali ya nyimbo.

Kusowako kukuchokera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi amisiri. Pa 1 January 2024 chivomezi champhamvu ya 7.6 chinagwedeza dera la Noto, kumene kuli Wajima. Moto umene unabuka unapsereza nyumba zoposa 200 pa msika wotchuka wa m'mawa wa Asaichi, kuphatikizapo masitolo ndi malo ogwirira ntchito a amisiri a urushi. M'mwezi wa September chaka chomwecho madzi osefukira anawononganso mzindawo. Chifukwa ntchito ya ku Wajima ndi yopatsirana, mmisiri mmodzi wokalamba akasamuka kapena kutula pansi zida, anzake a kutsogolo ndi kumbuyo kwake amaima naye limodzi. Ena anayambiranso ntchito m'malo ongoyembekezera.

Mbali yachiwiri ndi mitengo. Urushi wochuluka kwambiri amene amisiri a ku Japan amapaka amachokera ku China, ndipo wa m'dzikomo ndi gawo laling'ono, lochokera makamaka ku Jōbōji, mumzinda wa Ninohe m'chigawo cha Iwate. M'chaka cha 2015 nthambi ya boma yoona za chikhalidwe inalamula kuti pokonza akachisi ndi nyumba zina zakale zotetezedwa azigwiritsa ntchito urushi wa m'dzikomo. Lamuloli linapatsa otema mitengo msika wodalirika, ndipo Ninohe anayamba kuphunzitsa achinyamata ntchitoyi ndi kudzala mitengo yatsopano. Koma linachititsanso kuti wopaka natsume azilimbirana kapu yomweyo ndi akachisi aakulu monga a ku Nikkō. Mbande imene inadzalidwa ku Jōbōji chaka cha lamulolo, ikakula mwa pang'onopang'ono monga imachitira m'dera lozizira, idzatemedwa koyamba cha m'ma 2030.